Nkhani ya mwana ikanenedwa imathera kuti? Momwe kafukufuku wanga wa chaka chomaliza akuyendera

Januwale, sabata yachiwiri

Mutu wa kafukufuku wavomerezedwa. Tagwirizana ndi a supavaiza kuti funso likhale limodzi basi: nkhani ya mwana amene wachitidwa nkhanza kapena akusowa chisamaliro ikanenedwa, kaya kwa amfumu, kupolisi, kuchipatala kapena kusukulu, imayenda bwanji mpaka itatha, ndipo ikapanda kutha imaima pati? Iwo anati zofufuza kuchuluka kwa nkhanza m'boma lonse tizisiyire mabungwe okhala ndi magalimoto ndi anthu olipidwa. Wophunzira wa digiri yoyamba atenge chinthu choti angachikwanitse ndi miyendo yake ndi kope.

Kwa amene mukuwerenga zolembazi koyamba, ndili chaka chachinayi cha digiri ya social work, maphunziro a ntchito ya chisamaliro cha anthu. Zaka zitatu zapitazi taphunzira za chikhalidwe cha anthu, za maganizo, uphungu, malamulo okhudza ana ndi mabanja komanso kachitidwe ka kafukufuku. Chaka chino katundu wolemera ndi muwiri, atachimenti (kukaphunzira ntchito pa ofesi) ndi kafukufuku, ndiye ndaziphatikiza. Zonse ndichitira ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ya boma lina la kum'mwera. Bomalo sindilitchula, anthu ake sindiwatchula, ndipo nkhani zimene ndilembe pano ndazisintha mwina ndi mwina kuti munthu wa kumeneko asazindikire khomo la mnzake.

Ambiri amene ndikagwire nawo ntchito anadzera ku koleji ya Magomero ku Chiradzulu, kumene boma lakhala likuphunzitsira alangizi a zachitukuko ndi a zachisamaliro cha anthu kuyambira kale. Madigiri a ntchitoyi abwera pambuyo, ku Catholic University ku Nguludi, ku DMI ku Mangochi ndi ku Chanco ku Zomba. Tikamacheza kusukulu ena amalankhula ngati digiri iwaika pamwamba pa a ku Magomero. Ine ndikupita kukamvetsera.

Januwale, kumapeto

Komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu yapereka chilolezo. Chachikulu chimene tamanga ndi chakuti sindifunsa mwana aliyense mafunso. Mwana amene wachitidwa chipongwe amakhala atafotokoza kale kwa mayi ake, kwa amfumu, kwa wapolisi, kwa namwino, mwinanso pamaso pa majisitireti. Kumubwezeranso m'nkhani yomweyo kuti ine ndipeze digiri, ayi. Ndilankhula ndi akuluakulu okha: oteteza ana m'midzi amene timawatchula kuti ma CPW, apolisi a ku VSU (nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza), anamwino, mafumu, aphunzitsi aakulu, amayi a mother group (gulu la amayi odzipereka lolimbikitsa atsikana kukhala pasukulu) ndi olera ana. Ndiwerenganso mafailo otsekedwa, koma sindikopera dzina lililonse. Failo iliyonse ikhala ndi nambala yanga, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhala mu ofesi momo.

Fomu yopempha chilolezo ndailemba m'Chichewa ndipo ndiziwawerengera mokweza, chifukwa ambiri adzadinda chala. Ndaikamo chiganizo chimene a supavaiza anati ndichinene kawiri nthawi zonse: palibe chimene mulandire chifukwa choyankha mafunsowa. Ino ndi nyengo ya njala. Nkhokwe zinatha kalekale, chimanga cha m'munda chikadali chachiwisi. Munthu wachilendo akafika pamudzi ndi kope ndi cholembera n'kuyamba kufunsa mayina, aliyense amaganiza za kalembera wa ufa kapena wa makuponi. Ukapanda kulongosola, anthu amavomera kuyankha chifukwa cha chiyembekezo chimene iwe sunawapatse, ndipo amayankha zimene akuganiza kuti zingawalowetse m'kaundula.

Febuluwale, sabata yoyamba

Ndayamba ku ofesi. Ndi zipinda zochepa, benchi pakhonde, ndipo pofika 8 koloko benchiyo imakhala itadzaza: mayi wofuna kuti bambo wa mwana azipereka chithandizo, agogo amene asiyiridwa adzukulu, mnyamata wofuna kalata yokapempha fizi. Anandipatsa tebulo pafupi ndi kabati yachitsulo, ndipo sabata yonse ndakhala ndikuwerenga zimene zili m'kabatimo.

Ndisanafike ku mafailo, ndamaliza gawo la malamulo mu chaputala chachiwiri. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Lamulo lalikulu la ntchito yathu ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010, limene linasonkhanitsa pamodzi za chisamaliro, chitetezo ndi milandu ya ana. Koma lamulolo linkati mwana ndi munthu wosafika zaka 16, mogwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko a nthawi imeneyo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati lonena kuti munthu akwatire kapena kukwatiwa atafika zaka 18, pamene malamulo oyendetsera dziko ankalolabe wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Mkanganowu unatha mu Febuluwale 2017 pamene aphungu anasintha malamulo oyendetsera dzikowo kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18. Bambo wina wa mu ofesimu, amene wagwira ntchitoyi kuyambira ine ndisanayambe sukulu, anandiuza kuti kale mtsikana wa zaka 17 ankawasowetsa pogwira. Makolo ankangoti tavomera ndife, inu mwabwera ndi lamulo liti?

Malamulo tsono alipo, ndipo ndi omveka. Papepala nkhani ya mwana imayenera kuyenda motere: ilembedwe, munthu akaone mmene zinthu zilili pakhomo, pakhale dongosolo la chithandizo, atumizidwe kumene angathandizidwe, wina akaonenso patapita nthawi, kenako failo itsekedwe. Mafailo amene ndawerenga ndi onenepa kumayambiriro. Tsamba loyamba limakhala lodzaza mpaka m'mphepete, msinkhu, mudzi, mfumu, zimene zachitika, nthawi zina ndi mawu enieni a amene anabwera kudzanena. Tsamba lachiwiri lilinso bwino. Ukafika pamene alemba kuti watumizidwa kupolisi kapena watumizidwa kuchipatala, inki imathera pomwepo. Fomu yotumizira munthu ili ndi kachigawo kam'munsi koti amene wamulandira alembe zimene wachita n'kubweza. Tizigawo tobwezedwato ndatipeza towerengeka.

Izi sizikutanthauza kuti mwanayo sanathandizidwe. Mwina anathandizidwa. Koma ofesi imene inatsegula failo sikudziwa, ndipo ndikuona kuti kafukufuku wanga yense akhala pa mpata umenewu.

Febuluwale, sabata yachitatu

Ndakhala ndikuyenda ndi CPW wa dera lina lakutali ndi boma. Ndi bambo wachikulire ndithu, ali ndi njinga yakapalasa imene matayala ake akuoneka kuti amatidwa kambirimbiri, ndipo mafomu amawasunga m'jumbo ya shuga kuti asanyowe. Dera lake ndi la mfumu yaikulu yonse. Kumene njinga yalephera chifukwa cha matope timaisiya pakhomo la munthu n'kuyenda pansi.

Anandifotokozera nkhani imodzi imene ndikufuna ilowe mu chaputala chachinayi, chifukwa ikuonetsa mmene nthawi imatayikira popanda munthu woipa mtima pakati. Mtsikana wa pulayimale anagwiriridwa Lachisanu madzulo. Anauza mayi ake Loweruka. Mayiwo sanathamangire kuchipatala, anadikira achimwene awo kuti abwere amve, chifukwa nkhani yotere mkazi saiyendetsa yekha. Lamulungu anapita kwa amfumu. Amfumu anachita bwino, anati iyi si yanga, ndi ya kupolisi, n'kutumiza mnyamata kukaitana CPW. Lolemba mtsinje unali utadzaza. Lachiwiri anawoloka, koma panafunika ndalama ya kabaza ya anthu awiri kupita ndi kubwera, ndipo anayamba agulitsa nkhuku. Pofika kuchipatala maola 72 anali atadutsa. Mankhwala oteteza ku HIV amene amatchedwa PEP amayenera kuyambidwa maola 72 asanakwane. Aliyense m'nkhaniyi anachita zimene ankaona kuti n'zoyenera, ndipo mwana anaphonya mankhwala.

Ndinawafunsa bamboyo ngati anamva zotsatira za kupolisi. Anaseka pang'ono.

"Achemwali, fomu siyenda yokha. Imafuna miyendo. Ndikapanda kupita ine kukafunsa, palibe angandiuze. Ndiye ndipite pa chiyani, mayunitsi ndigule ndi chiyani?"

Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli malo a Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi, wa social welfare (wa ku ofesi ya chisamaliro cha anthu) ndi mlangizi amapezeka pamalo amodzi kuti mwana asazunguliridwe. Maganizo ake ndi abwino kwambiri, ndipo malo otere anatsegulidwanso m'zipatala zina. Vuto la mwana wa kumudzi ndi ulendo wokafika pakhomo pa malowo. Palinso nambala yaulere ya 116 yonenerako nkhanza kwa ana, imene amayendetsa a bungwe la YONECO ku Zomba, ndipo ana ena a sukulu amaidziwa pamtima. Amayi a mother group anandikumbutsa chinthu chimene sindinachione m'mabuku amene ndawerenga: pakhomo pambiri foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Ngati wolakwayo ndi bambo womupeza, mwana aimba ndi chiyani?

Malichi, sabata yoyamba

Sabata ya mafumu. Apa ndi pamene kafukufuku wandipatsa zambiri kuposa zimene ndinkayembekeza, ndiye ndilemba motalikirapo.

A gulupu ena anandilandira pansi pa mtengo wa mango, nduna zawo zitakhala pambali. Nditafunsa kuti nkhani ya mwana ikafika kwa iwo amayamba kuitana ndani, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Mwana wanga, inu a boma mumati kholo ndi bambo ndi mayi. Kuno bamboyo ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira. Ana ndi a kuchikazi. Mukafuna mtsikana atuluke m'banja abwerere kusukulu, yambani mwaonana ndi atsibweni ake, mwini mbumba. Akakana iyeyo, inu mudzalemba m'buku mwanu kuti zatheka, koma mukangokwera njinga mwana abwerera kwa mwamuna."

Nditabwerera ku ofesi ndinatenganso fomu yolembera nkhani. Ili ndi malo a dzina la bambo, la mayi ndi la womulera. Malo a mwini mbumba palibe. M'mafailo amene ndawerenga, atsibweni amatchulidwa mwa apo ndi apo, kawirikawiri pamene zinthu zavuta kale. Chonsecho pa zokambirana zanga ndi olera ana, pafupifupi aliyense amati sindikanatha kupita kupolisi achimwene asanalole. Munthu amene ali ndi mawu omaliza pa mwanayo sapezeka m'dongosolo lathu.

Sindikufuna kuwajambula atsibweni ngati angelo. Namwino wina anandiuza kuti nkhani zambiri zimene zimazimiririka zimazimiririka pa bwalo la banja, pamene akuluakulu agwirizana kuti tisachititse manyazi mtundu, wolakwa alipire mbuzi zithe. Wotsogolera zokambirana zotere amakhala mwini mbumba yemweyo. Ndiye mphamvu yake ingathe kutsegula njira, ingathenso kuitseka. N'chifukwa chake ndikuti wa social welfare azimudziwa ndi kumufikira msanga, asanamve nkhaniyo kuchokera kwa achibale a wolakwa. Ndiyeneranso kusamala polemba kuti izi ndi za dera la chikamwini. Ku Nsanje ndi Chikwawa pakati pa Asena, kapena kumpoto kumene amalowola, mwana ndi wa kuchimuna ndipo munthu woyenera kumufikira ndi wina. Fomu imodzi ya dziko lonse siingaloze munthu mmodzi, koma ingathe kufunsa kuti pa banja pano amene amagamula za mwanayu ndani.

Za maukwati a ana ndiye mafumu amalankhula monyadira. Onse amatchula Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lake n'kuimitsa mafumu aang'ono amene ankawavomereza. Nawonso kuno ali ndi malamulo a m'mudzi, chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa kholo lokwatitsa mwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndiye ntchito ya mafumuyi ndi yofunika. Funso langa ndi la zimene zimachitika mbuzi italipidwa. Failo imalembedwa kuti wachotsedwa m'banja, wabwerera kusukulu, ndipo imatsekedwa ngati nkhani yopambana. Ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu inayamba mu 1993, ndipo pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Koma mtsikanayo akubwerera ndi khanda pakhomo pomwe panali njala imene inamukankhira kubanja. Wosamala khanda iye ali m'kalasi ndani? Sopo, makope, yunifolomu? Aphunzitsi aakulu a sukulu ina anatsegula kaundula wa kalasi n'kundilozera ndi chala mayina a atsikana otere, mizere ya kujomba ikuyamba pang'onopang'ono pakati pa teremu mpaka dzina kungosiyidwa. Palibe amene anauza ofesi, ndipo ofesi sinafunse, chifukwa failo inali itatsekedwa.

Amayi a mother group ndi amene ndawapeza akulondola atsikanawa khomo ndi khomo, popanda malipiro. Mmodzi anati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye timapita. Koma tikapeza kuti wabwerera kwa mwamuna, tikanene kuti?" Alibe fomu, alibe nambala ya munthu wa ku ofesi.

Malichi, sabata yachitatu

Sabata yokhala pansi. Kumvetsera zimene ndinajambula pa foni n'kuzilemba liwu ndi liwu kukudya nthawi kuposa kuyenda kumidzi, makamaka pamene anthu akulankhula angapo nthawi imodzi, tambala akulira kumbuyo. Magetsi akazima ndimalemba pamanja, akayaka ndimataipa. Ndalama ya bandulo ndi yosindikizira ikuchokera m'thumba lomwelo la chakudya. Lipoti la atachimenti la mwezi uno ndapereka.

Epulo, sabata yoyamba

Nkhani imene yayenda bwino, ndipo ndinaiona ndi maso kuyambira pachiyambi.

Mnyamata wina anagwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'munda mwa eni. Anthu anamumanga manja ndi luzi n'kupita naye kupolisi. Mwini munda ankanenetsa kuti ndi wamkulu, wa zaka 18, akalowe. Mnyamatayo ndi wamtali, ndipo analibe chiphaso cha kubadwa. Kulembetsa ana onse obadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, choncho ana ambiri amene anabadwira kumudzi chakacho chisanafike alibe pepala. Mayi wa mu ofesi mwathu amene amaona za ana olakwira malamulo anapita kupolisi tsiku lomwelo, ine ndikutsatira. Anatumiza uthenga kwa agogo a mnyamatayo kuti abwere ndi buku la kusikelo. Linabwera litakulungidwa m'kansalu, chikuto chitadyedwa ndi chiswe pakona, koma tsiku lobadwa likuwerengeka. Zaka 13.

Malinga ndi malamulo athu, mwana wosafika zaka 10 sangaimbidwe mlandu, ndipo lamulo la 2010 limaletsa kutsekera mwana m'ndende. Pa milandu yaikulu khoti la ana lingathe kumutumiza ku malo osinthira khalidwe monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre. Pa milandu yaing'ono ngati uwu lamulo limalola kuti nkhani ipatutsidwe isafike kukhoti, bola mwanayo avomere kulakwa popanda kuumirizidwa. Panakhala zokambirana pakati pa wapolisi wa VSU, mwini munda, agogo, atsibweni ndi mayi wa ku ofesi uja. Mnyamata anapepesa, banja linalonjeza kubweza chimanga pokolola, ndipo anagwirizana kuti abwerere kusukulu kumene anali atasiya.

Chimene ndikufuna kulemba si chigamulocho ayi. Mayiwo atabwerera ku ofesi sanatseke failo. Analemba ndi pensulo pachikuto tsiku loti adzafunse, n'kulembanso tsiku lomwelo pa kalendala ya pakhoma. Tsikulo litafika anaimbira aphunzitsi aakulu ndi mayunitsi awo, n'kupeza kuti mnyamata sakupita kusukulu chifukwa anzake akumunena kuti wakuba. Anapempha CPW kuti akalankhule ndi mphunzitsi wa kalasi. Ndinawafunsa ngati kulemba pa kalendala kuli m'ndondomeko.

"Ayi mwanawe, ndi nzeru zanga. Ndikapanda kutero ndiiwala. Waona benchi ija?"

Pa mafailo amene anafika kumapeto bwinobwino, pafupifupi onse ndikupezamo munthu mmodzi wotere amene anaitenga nkhani ngati yake. Izi n'zosangalatsa kuziona, koma zikundidetsanso nkhawa, chifukwa munthu wotere akasamutsidwa kapena kupuma pa ntchito, kalendala yake imapita naye.

Epulo, sabata yachitatu

A supavaiza abweza chaputala chachiwiri chili chofiira. Ndemanga yaikulu ndi yakuti ndafotokoza bwino maganizo a akatswiri koma sindinaonetse kuti akugwira ntchito yanji pa mudzi umene ndikufufuza. Takambirana nthawi yaitali, ndipo ndasankha kutsamira pa Urie Bronfenbrenner, amene mu 1979 anafotokoza kuti mwana amakula pakati pa magulu ozungulirana, kuyambira a pakhomo mpaka malamulo ndi chikhalidwe cha dziko, ndipo chofunika kwambiri ndi mmene maguluwo amalumikizirana. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndapeza, bola m'magulumo ndiikemo zathu: mbumba, ankhoswe, mfumu, mpingo kapena mzikiti, mother group. Vuto la m'mafailo anga lili pa kulumikizana komweko, pakati pa sukulu ndi ofesi, pakati pa polisi ndi CPW. Katswiri wina wa za maganizo, Maslow, ndamuchotsa. Aliyense m'kalasi mwathu amamuika m'kafukufuku wake, ndipo kunena kuti munthu wanjala amayamba wafuna chakudya sikukundithandiza kuyankha funso langa.

Pali chinanso chimene tinaphunzira m'kalasi chimene ndikulimbana nacho, nkhani ya kusunga chinsinsi. Uphungu umene tinaphunzitsidwa, wotsatira katswiri wa uphungu Carl Rogers, umaganizira anthu awiri m'chipinda chotseka. Kumudzi njinga yamoto ya boma ikaima pakhomo, mudzi wonse wadziwa kale kuti pali nkhani. Mumakhala pamkeka pakhonde, ana akusuzumira kuseri kwa nkhokwe, apongozi akusenda chinangwa chapafupi makutu ali kuno. CPW uja ali ndi njira yake: njinga amaisiya kwa amfumu, amalowa makomo awiri atatu oyandikana kufunsa za katemera kapena za sukulu ya mkombaphala, kenako n'kufika pakhomo limene wadzera ngati akungodutsa. Mayi amamupempha kuti amuperekeze pang'ono, ndipo nkhani yeniyeni imakambidwa m'njira. Ndaiika mu chaputala chachinayi ngati luso la ntchito, chifukwa ndi luso ndithu, ngakhale silinalembedwe m'buku lililonse limene tinapatsidwa.

Meyi, sabata yoyamba

Ndinapita nawo kokapereka ndalama za Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo pano ili m'maboma onse. Imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo pamakhala kandalama kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Pamzere ambiri anali agogo olera adzukulu. Si mutu wa kafukufuku wanga, koma ndaona chinthu chokhudza funso langa. Tsiku lotere galimoto imakhalapo, mafuta amakhalapo, ndipo anthu a midzi yambiri amasonkhana pamalo amodzi. Mayi wa kalendala uja anabwera ndi kapepala ka nkhani za dera limenelo, ndipo pamene mzere ukuyenda ankaitanira pambali agogo uyu, CPW uyo, mfumu iyo, kufunsa kuti mwana uja ali bwanji. Nkhani zimene zinakhala miyezi osamveka anazilondola tsiku limodzi pa ulendo umene unalipiridwa kale.

Agogo ena atamva kuti ndine wa sukulu anandigwira dzanja. "Mdzukulu wanga, ukamaliza udzabwere konkuno. Amene amabwera amasinthasintha, ndiye nkhani timayambanso poyamba." Sindinawalonjeze kanthu, chifukwa sindikudziwa kumene ntchito idzapezeke.

Chinanso chosokoneza kulondola ndi kusamuka. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba ndi kukokolola midzi m'maboma ambiri a kum'mwera, ndipo mabanja ena sanabwerere pamalo awo akale. Mafailo ena otsegulidwa chaka chimenecho chisanafike ali ndi mudzi umene banjalo kulibenso. Ana ena anagawidwa kwa achibale m'madera osiyana. Mafailo amenewa ndawaika m'gulu lawolawo kuti ndisawawerengere pamodzi ndi amene anangosiyidwa.

Meyi, sabata yachitatu

Zokambirana zonse zalembedwa ndipo ndazigawa m'mitu. Ikuluikulu ndi itatu: nthawi imene imatayika nkhani isanafike kwa munthu wa boma, uthenga umene subwerera munthu akatumizidwa kwina, ndi kutseka failo msanga. Nkhani ya mwini mbumba ikulowa m'mitu yonse itatu, ndiye ndikuganizabe ngati ikhale ndi gawo lakelake.

Kuwerenga nkhani zoterezi tsiku ndi tsiku kumalemera. Pali masiku amene chakudya sichilowa. Ife a m'kalasi amene tili pa atachimenti tinagwirizana kuti Lamulungu madzulo tiziimbirana, osatchula mayina a anthu, kungonena zimene zatikhala pamtima. Mnzanga amene ali ku chipatala cha matenda a maganizo ndi amene anayambitsa, atamva kwa anamwino a kumeneko kuti wothandiza anthu naye amafunika womumvetsera. Ku ofesi kuno zotere kulibe. Anthu amaseka nthabwala zowawa pa nthawi ya tiyi n'kubwerera ku benchi.

Pa zoti ndilangize, tasiyana maganizo ndi a supavaiza. Iwo akufuna ndiyambe ndi kuchepa kwa ogwira ntchito ndi ndalama, ndipo n'zoona, CPW mmodzi sangakwanitse dera la mfumu yaikulu pa njinga yakapalasa. Ndilemba zimenezo. Koma malipoti onena zomwezo alipo kale ambiri, ndipo ofesi imene yandisunga miyezi yonseyi singachitepo kanthu pa bajeti ya dziko. Ndikufuna patsogolo pakhale zimene angayambe mwezi wamawa: fomu ifunse amene amagamula za mwana pabanjapo, failo ya mtsikana wobwerera kusukulu isatsekedwe teremu isanathe ndiponso aphunzitsi aakulu asanatsimikize kuti akupitabe, amayi a mother group apatsidwe nambala ya munthu mmodzi wa ku ofesi, ndipo maulendo a Mtukula Pakhomo azipita ndi mndandanda wa nkhani zofunika kulondola. A supavaiza akuti zimenezi zikuoneka zazing'ono pa pepala la digiri. Tagwirizana kuti ndilembe zonse ziwiri, adzaone kalembedwe kake kenako tidzakambirane za dongosolo.

Akuluakulu a ofesi avomera kuti ndidzawafotokozere zimene ndapeza pa msonkhano wawo wa mwezi ndisanapereke kusukulu, ndipo ndapempha kuti ma CPW adzakhalepo, ngakhale nkhani ya ndalama yawo yoyendera sinamveke. Chaputala chachinayi ndipereka Lachinayi. Chachisanu sindinachiyambe, ndipo lipoti lomaliza la atachimenti likufunika sabata yomweyo.